Kodi Usipa Umadya Chiyani?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Iyi ndi pulogalamu yathu ya zaulimi ndi zachilengedwe, kaya muli pa Mpingu, pa Msundwe, ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula kapena ku Nambuma.

Kwathu kuno nyanja ili kutali, ndipo ambiri mwa ife chambo chikusambira sitinachionepo. Koma ndiwo zimene zimatsitsa nsima m'nyumba zambiri za kuno ndi zakunyanja: kamulu ka usipa, bonya, utaka wowamba. Mtengo wake timaudziwa. Timadziwanso kuti miyezi ina mulu umakhala wooneka, miyezi ina umachepa mpaka amayi kumachita kuwerenga nsomba za mwana aliyense m'mbale. Lero ndikufuna tifunse funso limene pamsika silifunsidwa: kodi nsomba zimenezi zimadya chiyani? Nanga izo zimadyedwa ndi yani zisanafike kwa ife?

Munthu woweta mbuzi akaona ziweto zake zikuonda, amayamba wayang'ana msipu. Nyanja nayo ili ndi msipu wake, kungoti suoneka ndi maso. Ndipo mumva lero kuti panali nthawi imene dziko lathu likadalakwitsa kwambiri pa nyanja ya Malawi, chikadapanda kuti anthu ena anakhala pansi n'kumatumbula nsomba imodziimodzi, kuona zimene zinali m'mimba.

Ntchito yake imayenda motere. Nsomba ikangovuulidwa, wofufuza amaiyeza kutalika ndi kulemera, n'kulemba malo amene yagwidwa, kuya kwa madzi ndi nthawi yake, kaya ndi usiku kaya masana. Akatero amaitumbula msangamsanga, chifukwa chakudya chimapitiriza kugayika ngakhale nsombayo itafa. Chifu ndi matumbo amaziika m'kabotolo ka mankhwala oletsa kuwola. Akafika kumtunda amang'amba chifucho, zam'katimo n'kuzikhuthulira pa kambale ka galasi, n'kuziika pansi pa maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Apo ndiye kuwerenga kumayamba. Aka ndi kamwendo ka kachilombo kakuti. Aka ndi kamutu ka mphutsi. Awa ndi mamba. Nthawi zina nsomba yomezedwayo imakhala itasungunuka kale, koma m'mutu mwa nsomba iliyonse mumakhala timiyala tolimba ta m'khutu timene sitigayika msanga, ndipo maonekedwe ake amasiyana mtundu ndi mtundu. Wodziwa akationa amanena kuti apa panamezedwa usipa, apa panamezedwa utaka. Nsomba imodzi siuza munthu kanthu. Pamafunika mazanamazana, zazing'ono ndi zazikulu, za nyengo ya mwera ndi za nthawi ya dzinja, kuti chithunzi chioneke.

Ntchito imeneyi pa nyanja yathu ndi yakale. M'chaka cha 1939 kunabwera gulu la akatswiri atatu, Kate Ricardo Bertram, John Borley ndi Ethelwynn Trewavas, kudzafufuza za nsomba ndi usodzi. Kuyambira 1945 mpaka 1947 mayi wina wachitsikana, Rosemary Lowe, anakhala kunyanja akuphunzira moyo wa chambo. M'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer anali ku Nkhata Bay akuona mmene mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala tija, timadyera. Pambuyo pake ntchitoyi inakhazikika ku Monkey Bay, kumene nthambi ya boma yoona za nsomba ili ndi malo ake a kafukufuku.

Nanga anapeza zotani? Tiyambire pansi penipeni.

M'madzi a pamwamba, mmene dzuwa limalowa, mumamera ndere zing'onozing'ono zoyandama, zoti munthu sungazione ndi maso. Ndiwo msipu uja. Kuti zimere zimafuna dzuwa ndi chonde, ndipo chonde chambiri cha m'nyanja chili pansi. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 pamalo ozama kwambiri, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi madzi ake alibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Zonse zimene zafa zimamira kumeneko n'kuwolerana. Chimene chimabweretsa chondecho pamwamba ndi mwera. Mphepo imeneyi ikamawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera, cha ku Mangochi, madzi ozizira a pansi amakwera ndi chonde chawo. N'chifukwa chake chigawo cha kummwera kwa nyanja, chimenenso ndi chosazama, ndicho chimatulutsa nsomba zambiri. Mwera umene asodzi amauopa chifukwa umagubuduza mabwato ndi womwewo umene umadyetsa nyanja.

Chambo chimadya ndere zimenezi mwachindunji, zina zoyandama, zina zimene zakhazikika pamchenga ndi pamatope. Koma ndere zambiri zimadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama, tachibale ndi nkhanu, tating'ono ngati kambewu ka fodya. Tizilombo timeneti ndito chakudya cha utaka, cha ndunduma, ndi cha usipa. Usipa ukangoswedwa umayamba ndi ndere, ukamakula umasamukira ku tizilomboti. Moyo wake ndi waufupi, chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndiye ngati ana a usipa aswedwa pa nthawi imene chakudya chili chochepa, chaka chimenecho usipa umasowa, ndipo palibe makolo a zaka zam'mbuyo oti n'kutseka mpatawo. Mwera ukawomba bwino, chakudya n'kuchuluka, usipa umadzaza m'mathandala. Kukwera ndi kutsika kwa mulu pa Mpingu pano mbali ina kumayambira pamenepo.

Pamwamba pa usipa pali odya anzawo. Mcheni, nsomba yaitali ya mano akuthwa ija, imasaka usipa ndi ana a ndunduma. Mpasa nayo imathamangitsa usipa. Kampango amasaka usiku, kudya tinsomba ta pansi. Za kampango pali chinthu chimene ine chimandigwira mtima: ana ake akaswedwa, make amaikira mazira ena osaswa oti anawo azidya, pamene bambo wake amakafukula tizilombo mumchenga n'kudzawalavulira pachisa. Msodzi akagwira kampango wapachisa, wapha banja lonse.

Pa sitepe iliyonse chakudya chambiri chimathera m'kusambira, m'kupuma ndi m'kuswana. Akatswiri amayerekeza kuti pa magawo khumi a chakudya chimene chadyedwa, pafupifupi gawo limodzi lokha ndilo limasanduka mnofu. Kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ya kampango yadya makilogalamu ngati 10 a tinsomba, ndipo tinsombato tadya makilogalamu ngati 100 a tizilombo. Mukamadabwa kuti bwanji kampango ndi wosowa ndi wodula pamene usipa ndi wa aliyense, yankho lina ndi limenelo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tifike pa nkhungu, chifukwa nkhani yaikulu ya lero yagona pamenepo.

Amene munapitako ku Nkhata Bay, ku Likoma kapena ku Nkhotakota mwina munaona chinthu chakuda chikufuka pakati pa nyanja, chotalika mpaka kumitambo, munthu n'kumayesa kuti sitima ikupsa. Si utsi umenewo. Ndi tizilombo touluka miyandamiyanda, tofanana ndi udzudzu koma tosaluma, tikutuluka m'madzi kuti tikwerane, makamaka mwezi ukakhala mumdima. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amatikola ndi malichero onyowa, n'kutiumba timitanda, kuphika ndi kuyanika. Ndi ndiwo zabwino ndithu, ndipo David Livingstone analemba za mitanda imeneyi atafika kunyanjaku mu 1861.

Nkhungu zisanamere mapiko zimakhala mphutsi za m'madzi, zoonekera mkati, zosakwana chikhadabo kutalika. Mphutsizi zimadya tizilombo tomwe tija timene usipa ndi utaka zimadalira. Zilinso ndi nzeru yake yozembera adani: masana zimatsikira pansi kwambiri, ku madzi opanda mpweya kumene nsomba sizingafike, usiku n'kukwera kudzadya.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri ena amene ankagwira ntchito ndi bungwe la FAO anayang'ana zimenezi n'kunena kuti nyanja ya Malawi ikuwononga chakudya. Maganizo awo anali akuti pakati pa nyanja palibe nsomba zokwanira kudya tizilombo tija, ndiye chakudyacho chikungothera nkhungu, zimene zimauluka n'kukafera kwina. Mankhwala ake, iwo anati, n'kubweretsa kapenta wa ku nyanja ya Tanganyika. Ndipo chitsanzo anali nacho. Kapenta anathiridwa mu damu la Kariba mu 1967 ndi 1968, anaswana, usodzi waukulu unabadwa, ndipo ena anatsika ndi Zambezi mpaka kukakhazikika ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete. Kwa dziko losowa ndiwo, maganizowo anali okoma kuwamva, ndipo amene ankawanena sankafunira Malawi zoipa.

Ena anakana. Mmodzi mwa iwo anali David Eccles, amene anagwira ntchito ya kafukufuku ku Monkey Bay zaka zambiri, ndipo mu 1985 analemba chenjezo. Mfundo inali yakuti Kariba ndi damu lomangidwa ndi anthu, limene pakati pake panalibe nsomba yodya tizilomboto, pamene nyanja ya Malawi ndi yakalekale, yokhala ndi mitundu ya nsomba mazanamazana imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nsomba yachilendo ukaithira m'nyanja sungaitulutsenso. Koma kukana kokha sikunali kokwanira. Panafunika umboni.

Umboniwo unabwera ndi kafukufuku wa mayiko a SADC mothandizidwa ndi dziko la Britain, amene anachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Likulu lake linali ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo sitima yake inkatchedwa Usipa. Akatswiri a ku Malawi, Tanzania, Mozambique ndi Britain anayenda nyanja yonse, kumwera mpaka kumpoto, akuponya makoka pakati penipeni pamene bwato la msodzi silifika, akuyeza ndi makina omvera nsomba pansi pa madzi, ndiponso akutumbula. Lipoti lawo linatuluka mu 1995.

Anapeza zinthu ziwiri. Choyamba, pakati pa nyanja sipanali pachabe ayi. Panali nsomba zoposa matani 160,000, ndipo zochuluka mwa izo zinali ndunduma, nsomba zimene sayansi inali isanazidziwe bwino, moti mtundu wochuluka kuposa yonse unalembedwa m'mabuku ndi George Turner mu 1994. Chachiwiri, m'zifu za nsombazo munali mphutsi za nkhungu. Usipa waukulu unkazidya. Ndunduma zinkazidya. Nkholokolo zinkakwera usiku kudzazidya. Atawerengetsa bwino, kuphatikizapo kafukufuku wina amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti pafupifupi theka la nkhungu zonse zimene nyanja imabala zimathera m'mimba mwa nsomba. Chimene chinkatchedwa chiwonongeko chinali chakudya cha ndiwo zathu. Kapenta akadabwera akadalimbirana mbale imodzi ndi usipa ndi ndunduma, ndipo palibe akadalonjeza kuti tikadapindula. Mpaka lero kapenta m'nyanja ya Malawi sanathiridwemo.

Ine ndimaona kuti anthu amene anakhala miyezi akusuzumira m'maikulosikopu, kununkha mankhwala ndi matumbo a nsomba, anagwirira dziko lino ntchito yaikulu, ngakhale maina a ambiri mwa iwo sitiwatchula.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Kudziwa chimene nsomba imadya kumakhudzanso thanzi la munthu. Ku Chembe, ku Cape Maclear, kale anthu ankakhulupirira kuti m'madzi a m'nyanja yeniyeni mulibe likodzo, kuti limapezeka m'madambo ndi m'timitsinje basi. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 matendawa anayamba kuchuluka pakati pa ana asukulu ndi alendo osambira m'nyanja. Akatswiri awiri, Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo a kuno, anatsata nkhaniyi zaka zambiri. M'madzi osaya a kumeneko muli nsomba zina zimene chakudya chake ndi nkhono. Kukhosi kwake zili ndi mano ophwanyira zigoba. Makoka a maso ang'onoang'ono, ena mpaka osokerera maneti a udzudzu, atachuluka m'mbali mwa nyanja, nsomba zija zinachepa. Nkhono zinaswana popanda wozidya, ndipo mwa nkhonozo munali mtundu umene umasunga tizilombo ta likodzo. Amene ankakoka khoka ankafuna ndiwo za ana ake, sankadziwa kuti akuchotsa mlonda wa ana omwewo.

Za chambo mukuzidziwa. Ku nyanja ya Malombe chinali chochuluka, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatha, m'malo mwake n'kutsala tinsomba ta kambuzi. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Lero nsomba zoposa theka la zonse zimene zimagwidwa m'dziko muno ndi usipa. Ena amati bola usipawo ulipo. Inde ulipo, koma tisaiwale kuti mcheni, mpasa ndi mbalame za kunyanja zikudya pomwepo. Tikamawerengera usipa woti khoka la chilimira likokole, tiziwerengeranso wotsalira iwo.

Nkhani yotereyi si ya nyanja yathu yokha. Nsomba za mufiriji zija zimene ena amati makerele, anzathu a ku Mozambique amati karapau, ndi za m'nyanja yamchere, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa m'mayiko a kuno kummwera kwa Africa zimagwidwa ku Namibia n'kutsitsidwa padoko la Walvis Bay. Kumeneko nakonso mphepo ndiyo imakweza madzi ozizira achonde kuchokera pansi. Kale nsomba yaikulu pa malonda kumeneko inali sadini, ya m'zitini ija, imene inkadya ndere ndi tizilombo toyandama, iyo n'kumadyedwa ndi nsomba zikuluzikulu, mbalame ndi nyama za m'nyanja. Mu 1968 anagwira matani oposa 1 miliyoni chaka chimodzi. Pasanathe zaka zambiri sadini inagwa, ndipo sinabwererenso mwakale, moti mu 2018 boma la Namibia linaletsa kuigwira. Malo ake anatengedwa ndi jellyfish, zamoyo zoterera zoyandama zimene nsomba zambiri sizidya, pamodzi ndi kansomba kena kotchedwa goby. Mu 2010 akatswiri otsogozedwa ndi Anne Utne-Palm anasonyeza kuti kansomba kameneka kamabisala pansi m'matope opanda mpweya, ndipo chakudya chake china ndi jellyfish zomwezo. Nsomba zotchedwa hake, makerele ndi mbalame tsopano zimadya goby. Moyo ukupitirira, koma goby alibe mafuta ngati sadini, ndipo mbalame za m'nyanja kumeneko zachepa kwambiri. Zina mwa izi zinadziwika chifukwa chofufuza zimene nsomba zikudya.

Tibwere kwathu. Wina anena kuti zonsezi n'za asodzi, ife ndife alimi a chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Koma tsatirani madzi a mvula akachoka m'munda mwanu. A mbali ya kuno amakathira mu mtsinje wa Lilongwe, Lilongwe amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kukalowa m'nyanja ku Salima. A mbali ya ku Namitete amalowa mu Bua, amene amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukafika kunyanja. Mu Januwale taimani pamlatho muone mtundu wa madziwo. Kufiira kumeneko ndi dothi la m'minda yathu, ndipo limapita ndi feteleza amene tinagula modula.

Likafika kunyanja dothilo limatchinga dzuwa, ndere za pansi n'kulephera kumera. Limakwirira miyala imene mbuna zimadyapo. Mu Bua limakwirira timiyala ta pansi pa mtsinje pamene mpasa, ikakwera kuchoka kunyanja, imaikira mazira. Akatswiri akhala akuchenjezanso kuti chonde chochokera kumtunda chikachulukitsa chingathe kusintha mtundu wa ndere za m'nyanja, n'kuchulukitsa zimene tizilombo ndi nsomba sizikonda. Choncho mlimi wa pa Mpingu amene wapanga akalozera, wabzala vetiva, wasiya mitengo ndi bango m'mbali mwa mtsinje m'malo molima mpaka m'madzi, wasunga nthaka yake, komanso wathandiza usipa umene adzagule mu Ogasiti.

Amene muli ndi maiwe a nsomba kudimba mumaziona zimenezi ndi maso. Mukathira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi, pakapita masiku madzi amasanduka obiriwira. Makumba sadya manyowawo kwenikweni ayi. Manyowa amameretsa ndere, ndere zimadyetsa tizilombo, makumba n'kumadya zonse ziwiri. Alangizi amati mulowetse mkono mpaka m'chigongono: ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, chakudya n'chochepa, chikasowa mkono usanalowe n'komwe, mwathira mopyoza. Chilunguni chokha ndicho chimafuna masamba, a mbatata kapena a chinangwa. Ndipo mlamba ukalowa m'dziwe la ana a nsomba, mumadziwa nokha chimene chimachitika.

Pempho langa likupita kwa a nthambi ya za nsomba, a ku koleji ya Bunda ndi a sukulu ya usodzi ya ku Mpwepwe. Kafukufuku wamkulu uja wa pakati pa nyanja wapitirira zaka 30 tsopano. Chiyambire nthawi imeneyo asodzi achuluka, magetsi a usiku owalitsira usipa achuluka, madzi akutentherako, mitsinje ikubwera ndi dothi lambiri. Kulemba matani a nsomba zofika padoko n'kofunika, koma sikutiuza ngati mcheni ukukhutabe, kapena ngati usipa wasintha chakudya. Ntchito yotumbula ndi kuwerenga ija ikufunika ndalama zake chaka ndi chaka, ndipo ana athu amene akuphunzira za nsomba angathe kuigwira. Kwa ife ogula, nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, tisamafunefune nsomba zozembetsa, ndipo tiana ta chambo tikatipeza pamsika tizitisiya.

Aphunzitsi a sayansi amene mukumvera, tsiku lina gulani mlamba wauwisi wa m'dambo, muutumbule pamaso pa ana, mung'ambe chifu pa mbale yoyera, muthirepo timadzi pang'ono. Anawo alembe zimene aona, kaya ndi mphutsi, nkhanu, kachule, njere za udzu kapena kansomba, ndipo mutitumizire kuno kuwailesi kuti tidzawerenge mu pulogalamu ikubwerayi, imene tidzakambe za kukumba ndi kusamala dziwe la nsomba kudimba.

(NYIMBO YOTSEKERA)